NG'OMBE ZADONGO PA KRISIMASI: KODI NDI KUTAYA NTHAWI?

Krisimasi afika m'dziko lino pa nyengo yobvuta. Ku maiko a kumpoto, kumene miyambo yambiri ya tsikuli inacokera, December ndi mwezi wa cisanu. Minda yagona, usiku watalika, ndipo anthu akhala m'nyumba kufunafuna cocita ndi manja ao. Kuno sikutero iai. Mvula yagwa, cimanga cafika m'maondo, udzu ulikupikisana naco, ndi m'nkhokwe zambiri pansi payamba kuoneka. Munthu wa ku Katete kapena ku Petauke akadzuka mamawa sabata la Krisimasi, mtima wace suli pa zokometsera nyumba. Uli pa khasu.

Ndipo ndi m'masiku omwewo ana abwera kucokera ku dambo, dongo liri mpaka m'zigongono, nakhala pakhonde kuumba ng'ombe. Mphunzitsi wa Sande Sukulu wawauza za Mwana wogonekedwa modyera ng'ombe, tsono iwo afuna kumanga khola lao la mapesi ndi kuikamo ziweto zao. Anyamata okulirapo alikupinda mawaya kuti galimoto ithe tsikulo lisanafike. Asungwana atola zitsononkho zotsala kuseri kwa nkhokwe, nazibveka tinsanza, kuti akhale ndi ana obereka kumbuyo. Onsewa afuna thandizo la munthu wamkulu: wina afuna mpeni, wina singano, wina angofuna kuti amuyang'ane. Nanga atate wobwera ku munda, msana uli kuwawa, ayankhe bwanji? Funsoli lioneka laling'ono, koma likhudza mtengo wa nthawi ya munthu, ndi cimene cicititsa mphatso kukhala mphatso.

Kuyenera kubvomereza poyamba kuti atate wokanayo ali ndi cifukwa comveka. Mlimi aliyense adziwa kuti cimanga cosapaliridwa m'masabata oyamba citamera sicibwezanso mphamvu yace, ngakhale acipalire kawiri pambuyo pace. Cikula coonda, masamba acikasu, ndi zokolola zace sizidzaza dengu. Tsiku lotayika mu December limveka m'mimba pakapita caka, nkhokwe ikatha msanga. Buku la Miyambo litumiza waulesi kukaphunzira kwa nyerere, ndi Paulo analembera Atesalonika mau olimba za munthu wokana nchito. Cikondi cosiya ana ndi njala kuti asewere bwino si cikondi. Makolo anati, "M'mera mpoyamba," ndipo atateyo akachula mwambiwo ali ndi khasu paphewa, palibe angamtsutse.

Koma akulu ponena mwambi umenewu sanali kunena za cimanga cokha. Mwana nayenso ndi mmera, ndi zaka zace zoyamba sizibwerera, monga masabata oyamba a cimanga sabwerera. Cotero atate ali ndi minda iwiri, yonse yofuna kupalira nthawi imodzi. Umodzi upfuula msanga ukasiyidwa, pakuti udzu uoneka ndi maso, koma winawo ukhala cete, ndi kusiyidwa kwace kudzaoneka pakapita zaka khumi.

Wokayika ayambe wayang'ana cimene mwana acita poumba ng'ombe imodzi. Dothi la pamwamba, lodzala ndi mizu ndi mcenga, silimata. Mwanayo aphunzira kukumba pansi pang'ono m'mphepete mwa dambo kapena pa culu, kufikira apeza dongo losalala. Aphunzira kucotsa timiyala, pakuti kamwala kamodzi kang'ambitsa ng'ombe yonse pouma. Aphunzira kukanya, ndi kuthira madzi pang'ono pang'ono. Akaika ng'ombe yace padzuwa cifukwa ca changu, kunja kuuma m'kati muli mwauwisi, ndipo mawa lace aipeza ming'alu yokhayokha; ulendo waciwiri aiika pamthunzi, nadikira. Miyendo yoonda ithyoka, tsono aumba yaifupi yonenepa. Izi zonse ndi nzeru zomwezo za woumba mbiya, ndipo palibe anamkhazika pansi kumphunzitsa. Koposa izi, aphunzira kupenya. Kuti aumbe ng'ombe ayenera kudziwa kuti linunda likhala pa mapewa, si pakati pa msana iai, ndi kuti khosi la nkhunzi lisiyana ndi la ng'ombe yaikazi. Mwana wopenya motero, akadzayamba ubusa, ndiye adzazindikira msanga ng'ombe yodwala.

Anthu ophunzira anacedwa kubvomereza cimene agogo a m'mudzi anacidziwa kale. Friedrich Froebel, mphunzitsi wa ku Germany, mwana wa mbusa, anatsegula sukulu ya ana aang'ono ku Bad Blankenburg, ndipo m'caka ca 1840 anaicha Kindergarten, ndiko kunena kuti munda wa ana. M'menemo ana anapatsidwa mipira yofewa ndi timatabwa tomangira, zimene iye anazicha mphatso. Anaphunzira kuumba dongo, kupinda mapepala ndi kuwaluka. Sukulu za mkaka zimene ziri m'maiko ambiri zinamera pa muzu umenewo. Cimene Froebel anacikonzera nyumba ndi matebulo, mwana wa kumudzi acipeza caulere pa dambo.

Komabe munthu akaima pamenepa, sanafike pa mtima wa nkhani. Pakuti ngati ng'ombe yadongo iri yabwino kokha cifukwa ikonzeratu mbusa wa ng'ombe kapena woumba mbiya, atate angathe kuyankha kuti khasu laling'ono likonzeratu mlimi, ndipo cimanga cidyeka pamene dongo silidyeka. Cifukwa cacikulu ciri kwina.

Mwana wa zaka zisanu alibe ndalama, alibe munda, alibe nkhuku. Caka conse iye ndi wolandira: alandira nsima, alandira malaya, alandira mankhwala. Ndipo pa Krisimasi amva m'chalichi kuti tsikuli ndi tsiku la kupatsa, kuti Mulungu anapatsa, ndi anzeru a kum'mawa anapatsa. Nanga iye apatse ciani? Cinthu cimodzi cokha ciri cacedi cace, ndico cimene manja ace apanga. Nyumba imene iyesa mphatso ndi zogula m'sitolo zokha yamuuza mwanayo, ngakhale popanda mau, kuti kupatsa ndi nchito ya anthu a ndalama, ndi kuti iye adikire kufikira adzalemera. Ambiri amene anaphunzira phunziro limenelo ali ana adikirabe, imvi ziri m'mutu.

Pa 2 Samueli 24 pali nkhani ya Davide pa dwale la Arauna. Mwini dwale anafuna kumpatsa mfumu ng'ombe ndi nkhuni zaulere kuti apereke nsembe, koma Davide anakana, pakuti sanafune kupereka kwa Yehova cinthu cosamtayitsa kanthu. Muyeso wa mphatso, tsono, suli pa mtengo wace pa msika, koma pa cimene woperekayo wataya. Ambuye anayesa ndi muyeso womwewo tindalama tiwiri ta mkazi wamasiye. Ng'ombe yadongo yamtayitsa mwana ulendo wa ku dambo, madzulo awiri kapena atatu amene anzace anali kusewera, ndi misozi ya ng'ombe yoyamba ija inang'ambika. Pa muyeso wa Davide iyo ndi mphatso yolemera, ndipo mwina iposa malaya amene atate anagula ndi ndalama zotsala.

Cifukwa cace kalandiridwe ka mphatso yotere ndi nkhani ya cikumbu mtima. Wowerenga aganize za nyumba ina, yonga nyumba zambiri. Atate akhala pa mpando, mapazi ali matope. Kamnyamata kadza, kagwada, kapereka ndi manja awiri monga anakaphunzitsa amace, kanena, "Atate, ndakuumbirani ng'ombe." Atate ayang'ana pang'ono, nati, "Caka cino tidzadya dongo kodi? Amake mwana, anawa bwanji sanatole nkhuni?" Sanamenye mwana, sanatukwane, ndipo mawa adzakhala ataiwala. Koma mwanayo waphunzira kuti zabwino koposa zimene anatha kucita ziri cabe pamaso pa munthu amene iye amuopa ndi kumkonda koposa onse. Atate yemweyo pa Sabata adzapereka copereka cace cocepa, nayembekeza kuti Atate wa Kumwamba, mwini ng'ombe za pa mapiri onse, adzacilandira mokondwa.

Pano pabuka bvuto lina, limene makolo oona mtima alidziwa. Ng'ombe ya mwana wamng'ono kawirikawiri ifanana ndi mbatata ya miyendo inai. Kodi atate anene kuti ndi yokongola? Akatero wanama, ndi ana azindikira bodza msanga koposa m'mene akulu aganizira; mwana wotamandidwa pa ciri conse aleka kukhulupirira matamando, kapena ayamba kugwira nchito cifukwa ca matamando okha. Koma pakati pa kunyoza ndi kusyasyalika pali njira yotakata. Kuyamika si kutamanda. Munthu akalandira nkhuku yoonda kwa mlendo wosauka aomba m'manja nayamika, osanena kuti ndi yonenepa, ndipo palibe amuyesa wabodza. Atate angathe kuilandira ng'ombeyo ndi manja awiri, kuitembenuza, kufunsa kumene dongo linacokera, kufunsa ngati ndi nkhunzi kapena yaikazi. Angathe kunena zoona kuti nyangazo zalimba bwino, ndi kuti mawa apite onse awiri ku khola akaone m'mene miyendo ya kumbuyo ipindikira. Mwanayo acokapo wolandiridwa, ndiponso wophunzira.

Kulakwa kwa mbali yina kupezeka mwa makolo acangu. Alipo amai amene, ana atagona, atenga cidole copotoka nacisokanso, kapena aphwanya nkhosa ya mwana naumba yao yosalala, kuti pa tsikulo anansi adzatame nyumba yao. Mamawa mwana aona kuti cinthuco si cacenso, ngakhale sadziwa kunena. Thandizo loyenera ndi kugwira mbali yobvuta, monga kudula waya wolimba kapena kulowetsa ulusi m'singano, ndi kusiya zotsalazo m'manja mwa mwini wace, zikhale zokhota monga zakhalira.

Nkhani iyi isayesedwe yotsutsa sitolo. Malaya atsopano, mpunga ndi nkhuku pa Krisimasi ndi zinthu zabwino, ndipo atate wotha kuzigula popanda ngongole azigule ndi mtima woyera. Coipa ciyamba pamene munthu agulitsa cimanga ca m'nkhokwe, kapena feteleza wosathiridwa, kuti mwana wace asaoneke wocepa pakati pa anzace tsiku limodzi. January afika ndi zofunika za sukulu, February ndi njala, ndi cidole ca pulasitiki cija cathyoka kale mwendo, cosatheka kucikonza. Galimoto ya mawaya ikapindika, mwini wace aiongola yekha, pakuti adziwa mfundo zace zonse. Ndipo ndi cinthu cokondweretsa kudziwa kuti zina zogulitsidwa m'masitolo a ku Ulaya zinayamba ngati nchito ya manja a ana: nyenyezi ya pepala ya nsonga zambiri, imene apacika m'nyumba pa nyengo ya Krisimasi, inayamba m'theka loyamba la zaka za m'ma 1800 pa sukulu ya anyamata ya mpingo wa Moravia ku Niesky.

Za mawaya pali mau amodzi oonjezera. Waya samera pa dambo. Atate wokondwa ndi luso la mwana wace afunsenso kumene wayayo anacokera, pakuti mipanda ya madimba ndi ya sukulu yakhala ikucepa m'nyengo imene magalimoto a ana acuruka. Mphatso ya waya wakuba yamtayitsa mnansi, si woperekayo iai.

Tsono pali akulu ena a mpingo amene nkhawa yao iri yozama koposa ya nthawi kapena ya ndalama. Iwo akumbuka lamulo laciwiri, nafunsa ngati kuumba zifaniziro za khola la ku Betelehemu sikutsegula khomo limene makolo a cikhulupiriro analitseka ndi misozi. Nkhawa iyi isasekedwe. Mwambo wa kuonetsa khola unafala kucokera kwa Francis wa ku Assisi, amene m'caka ca 1223, pa mudzi wa Greccio m'dziko la Italy, anakonza modyera ziweto ndi udzu, nabweretsa ng'ombe yamoyo ndi bulu wamoyo, kuti anthu a kumudzi aone ndi maso umphawi umene Ambuye anabadwiramo. Zifaniziro zosema ndi zoumba zinacuruka pambuyo pace. Kunena zoona, Luka achula modyera ng'ombe mokha. Ng'ombeyo ndi buluyo sizichulidwa m'nkhani yace, koma Akristu akale anazitenga ku mau a Yesaya caputala 1, za ng'ombe yodziwa mwini wace. Mipingo ya Reformed inasankha njira yosamala. Katekisma wa Heidelberg, wa caka ca 1563, aphunzitsa kuti Mulungu sangafaniziridwe ndi cifaniziro ciri conse. Kuti zolengedwa zingathe kufaniziridwa, koma osati kuti zipembedzedwe kapena kuti Mulungu atumikiridwe mwa izo. Ndi kuti m'chalichi anthu aphunzitsidwe ndi kulalikira kwa Mau, si ndi zifaniziro iai.

Malembo okha asonyeza pamene malire ali. Mulungu yemweyo amene analetsa mafano anadzaza Bezaleli ndi Mzimu wace kuti akhale mmisiri wa golidi, wa miyala ndi wa mitengo, ndi m'kacisi wa Solomo thawale lalikulu lamkuwa linakhazikika pa ng'ombe khumi ndi ziwiri zoyenga. Njoka yamkuwa inapangidwa ndi Mose pomvera lamulo; koma ana a Israyeli atayamba kuifukizira zonunkhira, Hezekiya anaiphwanya, nayesedwa wolungama. Cinthu cimodzi comweco cinali cololeka pa mbadwo wina ndi conyansa pa mbadwo wina, cifukwa ca cimene mitima inacita naco. Mwana woumba ng'ombe adziwa bwino lomwe kuti ndi dongo, pakuti analikumba yekha. Saigwadira, aikoka ndi luzi. Cotero ng'ombe, nkhosa, khola la mapesi ndi nyenyezi ya mlaza pakhonde la nyumba siziphwanya lamulo. Kuumba nkhope ya Mwanayo ndi nkhani yina, imene mipingo isiyana maganizo. Nyumba ya mpingo woletsa icite bwino kusiya modyeramo muli udzu wokha, ndi kuwerengera ana Luka caputala 2 pambali pace. Ndi kumene akulu a mpingo safuna zinthuzi m'chalichi, zikhale kunyumba. Ng'ombe yadongo si cifukwa cokwanira kugawanitsa abale.

Cotsala ndi cakuti zinthu izi sizikhalitsa. Caka catsopano cisanafike, ng'ombe ina yasungunuka ndi mvula yodontha padenga, ina yapondedwa ndi mbuzi, ina yagwidwa ndi kamwana kokwawa, kamene kathyola mutu ndi kuuika m'kamwa. Munthu wowerengera ati, Taonani, nchito ya masiku atatu yatha m'kamphindi. Koma nsima ya dzulo iri kuti? Denga lifoleredwa, liola, lifoleredwanso. Bwalo liseseredwa mamawa ndi madzulo ladetsedwa. Nchito zambiri zosunga nyumba ziri zotere, ndi amai azidziwa koposa abambo. Ndipo tsiku limene ng'ombe yathyoka liri ndi nchito yace. Mwini ng'ombe alira, afuna kumenya mng'ono wace, agogo amgwira dzanja, nati, "Leka, mdzukulu wanga, mnzakoyu sadziwa kanthu, dongo silinathe ku dambo." Kukhululukira woononga cinthu cokondedwa ndi phunziro limene akulu ambiri a zaka makumi asanu alikulimbana nalobe pa milandu ya malire a minda, ndipo kuliyamba pa mutu wa ng'ombe yadongo kuli kopepuka.

Nanga nthawi icokera kuti, popeza udzu sudikira? Siicokera m'mamawa, pamene nthaka iri yofewa ndi dzuwa lisanatenthe. Nthawi imeneyo ndi ya khasu, ndi ana otha kugwira khasu apite nao. Koma December ali ndi madzulo ambiri amene mvula ithamangitsa anthu ku munda, nakhala pakhonde kuyang'ana madzi akugwa. Ali ndi nthawi ya pakati pa kuweruka ndi cakudya. Ali ndi agogo amene miyendo yaleka kufika ku munda koma zala zikali kudziwa kuluka mlaza. Pamenepa payenera kunenedwa mau olunjika kwa abambo. Mkazi wobwera ku munda apitirira ku citsime, ku mtondo ndi ku moto, mwana ali kumbuyo. Kumuonjezera nchito ya zidole ndi kumsenzetsa mtolo wacisanu. Munthu amene manja ace ali cabe pa ora limenelo ndi mwamuna. Mpeni uli m'thumba mwace, ndi iye adziwa kusema goli laling'ono, pakuti anasema lace ali mwana, ngakhale acita ngati waiwala.

Ng'ombe ikauma masiku anai kapena asanu pamthunzi, ingathe kuikidwa m'phulusa lotentha m'mbali mwa moto, ndi kusendezedwa pang'ono pang'ono kufikira ikwiriridwa ndi makala usiku wonse. Ina iphulika, makamaka yonenepa imene m'kati munali cinyontho. Koma yopulumuka ituruka yofiira, yolimba, yosaopa kudontha kwa denga. Ana sayenera kucita izi okha cifukwa ca moto, ndipo aiumba ndi iwo, koma woiocha akhale munthu wamkulu. Wofuna kuti ziweto zikhale m'khola pa 25 December atume ana ku dambo pasanafike pa 18.